Mphika Umene Anaupatsa Zaka Chikwi

Amayi anga anali a Nasimango, ndipo ankaumba miphika. Ndiyambe ndi dzina limenelo, chifukwa anthu akwathu analitaya n'kumawaitana ndi lina lachipongwe, ndipo ine ndayenda dziko lonseli kuti ndikalitole. Ndinalitola ndithu. Musandione ming'alu kumapaziku, ndine munthu woti ndinapambana.

Zinayamba ndili mtsikana, kutabwera anthu a zipewa zazikulu, atanyamula tizingwe ndi timakasu tochepa ngati masipuni. Ankakumba kutsidya kwa mtsinje, pabwinja pamene mvula inakokolola nthaka n'kusiya dothi lakuda bii poyera. Mkulu wawo anali a Gwedeza, bambo wamtali wa magalasi. Anapeza makala, mapale ndi tizitsulo todyeka ndi dzimbiri. Tsiku lina anafukula mphika wathunthu, uli chozondoka pakati pa makalawo. Makala anawatumiza kunja kuti makina akawayeze, ndipo yankho litabwera, wailesi inalengeza kuti pamalo pathupo panali anthu zaka chikwi zapitazo. Abale, mudzi unavina! Ngakhale amene sankadziwa kuti chikwi n'chiyani ankayenda monyang'wa.

Tsiku loonetsa zinthuzo anaika mphika uja patebulo pansi pa mkuyu. Amayi anasendera pafupi, anauyang'anitsitsa, n'kunena mosakweza mawu:

"Mphika uwu ndinaumba ine."

Wina mwa anthuwo anafa nako kuseka. A Gwedeza sanaseke. Anafunsa mwaulemu:

"Mayi, ngati munaumba inu, unapezeka bwanji pansi, pakati pa makala a zaka chikwi?"

Amayi anayang'ana amayi anzawo awiri amene anaima kumbuyo. Iwowo anazyolika. Amayi nawonso anatseka pakamwa, n'kutembenuka, ulendo wakunyumba. Kuyambira tsiku limenelo dzina lawo linali a Zakachikwi. "Mwadzuka bwanji a Zakachikwi? Nanga manowo mwawasunga bwanji zaka zonsezi?" Ena sankaseka n'komwe, ankachita kulusa, amvekere mukufuna kutilanda ulemu wathu. Mphika unapita kutauni, kunyumba yosungiramo zinthu zakale. Amayi analeka kuumba. Ndikawafunsa kuti bwanji simunawayankhe, ankangoti, "Ukakula." Sanadikire kuti ndikule. Pamaliro pawo ndinamva ndi makutu angawa munthu akunong'oneza mnzake kuti a Zakachikwi aja atopa nako kuwerenga. Ndinapsa mtima kwabasi.

Titameta, ndinatenga chitsononkho chawo chakuda ndi utsi, chimene ankasalazira miphika, n'kuchimanga pansonga ya chitenje, n'kuuyamba. Ndinkafuna kudziwa m'mene chinthu chimanenera zaka zake, kuti mphika ujawo ndikaufunse ndekha.

Pamtsinje woyamba ndinawaona amayi anga. Dzuwa linali paliwombo. Anali kutsidya, atanjuta, atandifulatira, akusamba dongo m'manja. Ndinaitana, osacheuka. Nditawoloka panalibe munthu, koma madzi anali ofiirira. Mantha sindinachite, nanga amayi ako n'kuwaopa? Ndinangodziwa kuti njira ndi yomweyi.

Kaya ndinayenda masiku angati, kaya. Ndinafika kumudzi wa m'phiri kumene aliyense ankanunkha utuchi. Mkulu wa ocheka matabwa anali a Tsekani, ndipo chala chawo chimodzi chinapita ndi sowo kalekale. Nditapempha ntchito anaseka.

"Mkazi m'dzenje la sowo? Ha! Ukalira nawo utuchi m'maso."

Ndinalowamo. Ndinalira nawo utuchiwo, inde, koma sindinatuluke mpaka mvula inagwa n'kukata kawiri. Tsiku lina tikupuma ndinawafunsa kuti, "Bambo, kodi chinthu chimanena bwanji zaka zake?" Anandionetsa chitsa cha paini, akuloza mizere yozungulira ndi chala chodukacho.

"Mzere umodzi, dzinja limodzi. Werenga."

Ndinapeza makumi awiri ndi umodzi. Ndinadumpha ndi chimwemwe, ndimvekere basi ndadziwa, ndikupita. Iwo anandigwira chitenje n'kundikokera pachitsa china kumunsi. Pamenepo ndinapeza makumi awiri okha.

"Mitengo iwiriyi ndinadzala tsiku limodzi," anatero a Tsekani. "Wakumtundawo uli pouma. Chaka china mvula inakata pakati n'kudzayambiranso, iwo unayesa kuti papita zaka ziwiri."

"Ndiye kuti wanama?"

"Mtengo unganame bwanji iwe? Wanena zimene unamva. Wopusa ndiwe ngati ufunsa umodzi wokha n'kuthamanga nazo."

Ndinatsika phiri ndi mawu amenewo. Pamtsinje wa kumunsi amayi anali pomwepo, atandifulatira, akusamba m'manja. Ulendo umenewu ndinamva akung'ung'udza kanyimbo kamene ankaimba akamaponda dongo.

Kenaka kunabwera dziko lathyathyathya, midzi yofanana, agalu ofanana, ndowa zopanda madzi zili pamzere. Kumeneko ndinapeza a Lufeyo, wokumba zitsime, munthu wamfupi woseka zilizonse. Iwo ankalowa pansi, ine ndinkakoka chidebe cha dothi ndi chingwe. Nditawafunsa funso langa lija, ananditsitsira m'chitsime n'kundionetsa khoma: dothi lofiira pamwamba, lachikasu, mchenga, kenaka lakuda.

"Lapansi ndiye lalikulu, lapamwamba ndi mng'ono wake. Chimene wachipeza m'lakudamo n'chamsinkhu wa lakudalo."

Ndinagwa mphwayi. Zimenezi ndi zomwe ananena a Gwedeza. Kwa masiku ambiri ndinkakoka chidebe ndi mtima wolemera, ndipo ndivomere, kamodzi ndinadzifunsa ngati amayi anga sanasokonezeke mutu. Lero ndikakumbukira ndimachita manyazi.

Tsiku lina, chitsime chitafika poti munthu wapansi ankaoneka ngati nyerere, a Lufeyo anayamba kuseka moti chitsime chonse chinkalira. M'chidebe munatuluka belu la njinga.

"Taonani mayi, makolo athu akale ankapalasa njinga pansi pa dziko!"

Ananditsitsanso. Pakhoma panali kamzere kena kochokera pamwamba mpaka pansi, ngati mwendo wa buluku, dothi lake losakanikirana, lofiira ndi lakuda pamodzi.

"Apa wina anakumbapo n'kukwirira. Dothi ukangolisokoneza silibwereranso m'malo mwake, ngakhale papite zaka zingati. Woona bwino amaona."

Ndinakuwa m'chitsime muja mpaka anthu anathamanga kudzasuzumira. Ndiye kuti chinthu cha dzana chikhoza kugona pakati pa zinthu zakale! Ndisaname, a Lufeyo ndinakwatiwa nawo chifukwa cha belu limenelo. Koma funso limodzi linatsala: munthu angakwirirenji mphika wabwinobwino, n'kukana kunena chifukwa chake?

Tinkatsata midzi yopanda madzi, chaka ndi chaka. Pamene ndinali woyembekezera tinali kumudzi wa amayi oumba, kumene mkazi aliyense anali ndi manja ofiira mpaka m'zigongono. Mkulu wawo, a Nangozo, anandiletsa kukoka chidebe n'kundikhazika padongo. Ataona chitsononkho changa anachitembenuza kawiri.

"Mwini wake anali wamanzere. Taona mbali imene chadyeka."

Zinali zoona. Anandiphunzitsa kupendeketsa phale padzuwa la m'mawa kuti tinjira tonse tioneke. Posalaza mphika, kamtengo kamasiya njira zake, chikamba cha nkhono zake, chitsononkho zake, tating'ono tolondolana ngati mapazi a nyerere. Posakhalitsa ndinkatha kutola phale pansi n'kunena mwini wake, osaphonya.

Mwana anabadwa m'mawa, ndipo sanalire. Zimenezi sindizikamba zambiri. Amayi anayi anamukulunga m'kansalu. Anati ine nditsale m'nyumba, koma ndinakana, ndipo ndikakana ndakana. Tinapita kumtsinje popanda mwamuna aliyense. Anakumba kadzenje kosazama, anamuika, kenaka a Nangozo anatenga mphika umene ankandiphikiramo phala masiku amenewo n'kuuvundikira pamwamba pake, chozondoka.

"Uyu ndi nthayo, mwananga, sanalowe m'mudzi. Sitimulira mokweza. Pamene tamuika sitiuza mwamuna, sitiuza mtsikana wosabereka. Wina akakufunsa, tseka pakamwa."

Ndinayang'ana mphika wozondokawo dothi likuukwirira. Ndinaona tebulo pansi pa mkuyu, ndinaona amayi akuyang'ana anzawo awiri aja, ndinamva mawu aja akuti ukakula. Ndinalira mokweza, lamulo kapena ayi, ndipo ndinkalirira anthu awiri. Pobwerera amayi anga anali kutsidya. Sankasamba m'manja tsiku limenelo, anangokhala duu, manja ali pamiyendo.

Nditachira, a Lufeyo anandiperekeza mpaka pamsewu. Sindinawauze chimene ndinaona, ndipo iwo sanafunse. Anangoti, "Pitani mukautenge mphika wa amayi anuwo. Ine mudzandipeza kumene kulibe madzi."

Matauni ndinadutsamo ambiri, onse a fumbi limodzi ndi phokoso limodzi, mpaka ndinaipeza nyumba ija yosungiramo zinthu zakale. Mphika unali m'bokosi la galasi pakati pa chipinda, magetsi akuuwalira. Pansi pake panali kapepala: Woumba sadziwika. Zaka pafupifupi chikwi. Ndinawerenga katatu, mano ndikukukuta. Ndinapempha ntchito yosesa, ndipo anandipatsa. M'mawa uliwonse ndikamapukuta galasilo ndinkati, "Mwadzuka bwanji a Nasimango?" Anzanga ankati mayiyu mutu sukuyenda bwino. Zaka zinapita. Anandisamutsira kuchipinda cha kuseri, kotsuka mapale ndi mswachi.

A Gwedeza anali atakalamba, mutu uli mbuu, ndipo ankabwera Lachiwiri lokha. Tsiku lina anandipeza nditaunjika mapale milu isanu patebulo.

"Mayi, ndani wakuuzani kuti muwagawe chonchi?"

"Palibe, bambo. Awa anaumba munthu mmodzi, awa wina. Uyu ankafulumira, mwina anali ndi ana ambiri."

Anakhala pansi, n'kuyang'ana mulu uliwonse ndi galasi lawo lokulitsa. Kuyambira pamenepo Lachiwiri lililonse ankakhala nane. Ine ndinadikira mpaka tinazolowerana, ndiye ndinaponya funso langa lakale lija. Anasangalala ngati mphunzitsi amene wapeza mwana womvera.

"Chamoyo chilichonse, mtengo kaya chimanga, chimamwa kanthu kena kuchokera mumpweya. Chikafa chimaleka kumwa, ndipo kanthu kaja kamayamba kutha pang'onopang'ono, ngati madzi mumtsuko wothonya. Liwiro lake tikulidziwa. Makina amayeza kamene katsala, n'kutiuza kuti chinafa liti."

"Samanama makinawo?"

"Amaphonya pang'ono uku kapena uku, ndipo amanena okha kuti akhoza kuphonya motani. Koma kunama ayi."

"Ndiye za mphika uli m'galasiwo, munayeza chiyani?"

"Makala amene unagona nawo."

"Makala anayankha zaka zawo. Nanga mphikawo munaufunsa?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ndinaona kuti akusakasaka nkhope yanga.

"Ndine mwana wa a Zakachikwi," ndinatero. "Dzina lawo ndi a Nasimango. Ndikupempha zinthu ziwiri. Mundionetse zimene munajambula pokumba paja, ndipo mutsegule galasilo."

Kunena zoona, ndinkayembekeza kuti andithamangitsa. Munthu woti anatchuka chifukwa cha mphika umenewo, zithunzi zake zili m'mabuku! Koma iwo anadzuka n'kukatenga kope lakale lachikasu. Apa ndiwayamikire, chifukwa anali atajambula zonse zimene anaona, ngakhale zimene sanazimvetse. Pakhoma la dzenje lawo panali mizere yonse, ndipo pamwamba penipeni pa mphika panali kamwendo ka buluku kaja, kafupi, kofika pamtunda. Pambali analemba kuti mwina ndi una wa mfuko.

"Ndakumba zitsime zaka zambiri, bambo. Mfuko sikumba choongoka chonchi, ndipo sikwirira pambuyo pake. Ili ndi khasu."

Anaitanitsa kiyi. Tinautulutsira panja, padzuwa la m'mawa, ndipo ndinaugwira koyamba chichokereni kwathu. Unali wopepuka. Ndinaupendeketsa, tinjira tonse tinaonekera m'kati, tokhotera mbali ya munthu wamanzere. Ndinamasula chitenje, n'kutenga chitsononkho, n'kuchikoka padothi lonyowa la m'maluwa. Tinjira take tinali tomweto.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa.

"Chitsononkho. Mwaiwala chimanga, bambo?"

Anavula magalasi. "Mayi, zaka chikwi zapitazo kuno kunalibe chimanga. Chinabwera pambuyo kwambiri."

Zimenezo ine sindinkazidziwa. Iwo ankadziwa za chimanga koma osadziwa mapazi a chitsononkho, ine ndinkadziwa mapaziwo koma osadziwa za chimanga. Tinayang'anana, ndipo ine ndinayamba kuseka mpaka misozi, kuseka kwa a Lufeyo m'chitsime kuja.

"Tisathamange nazo," anatero. "Tifunsenso mboni ina."

"Kucheka matabwa munaphunzira kuti?" ndinawafunsa. Sanamve zimene ndinkatanthauza, ndipo ndinawasiya.

Pansi pa mphika, m'kati, munali timakoko ta phala lopserera. Anapala pang'ono, n'kutumiza pamodzi ndi makala ena atatu a pabwinja paja, ochokera mbali zosiyana. Tikumata envulopu anafunsa osandiyang'ana:

"Koma anaukwiriranji?"

"Imeneyo si nkhani yoti ndiuze mwamuna. Makina anunso asafunse."

Ndinaona china chake chikubwerera pankhope pawo, china cha kumudzi kwawo chimene sukulu inakwirira. Anagwira pakamwa.

"Ogo! Ndipo ine ndinawafunsa pagulu, pamaso pa amuna. Pepani, mayi. Pepani ndithu."

Yankho linabwera mvula itagwa n'kukata. Makala onse atatu anati zaka chikwi, mogwirizana. Phala lija linati ayi, ine ndine wa dzana. Chimanga chake chinakololedwa ine ndisanabadwe, zaka zosachepera ziwiri, zosapitirira zisanu. A Gwedeza anang'amba kapepala kaja ndi manja awo, n'kundiuza kuti ndikonzeke, tikupita kwathu.

Mkuyu uja unalipobe. Anthu anasonkhana, achikulire amene anaseka ndi ana awo amene anangolandira dzinalo. A Gwedeza anaika mphika patebulo n'kulankhula ataimirira, ngakhale mawondo ankawavuta.

"Zaka chikwi zanu zilipo, palibe wazichotsa. Tayezanso katatu, makolo anu analidi pano. Koma mphika uwu si wawo. Ine ndinafunsa makala, yankho lake n'kupatsa mphika. Wolakwa ndine. Mayi amene ananena kuti anaumba iwo ananena zoona."

"Tchulani dzina, bambo," ndinatero.

"A Nasimango."

"Sanamve akumbuyowo."

"A Nasimango!"

Ndinaliza nthungululu ndekha, yaitali, mpaka mbalame zinathawa mumkuyu. Ndinavina kuzungulira tebulo, mayi wa imvi ine, fumbi lili koboo, ndikuyang'ana m'maso aliyense amene ndinkamukumbukira. Ena anazyolika, ena anayamba kuomba m'manja, ndipo posakhalitsa nthungululu zinali zambiri. Ndinakondwa, abale, ndinakondwa mpaka m'mafupa.

Mphika uja a Gwedeza anausiya m'manja mwanga. Anthu atabalalika panatsala mayi mmodzi wokalamba, a Nalikole, mmodzi wa awiri aja amene anazyolika tsiku lija. Mnzawo anali atamwalira.

"Munkadziwa," ndinawauza. "Munawasiya afe ndi dzina lija."

"Tinkadziwa, mwananga. Tikanati chiyani pamaso pa amuna? Ndakhala nacho chinthu chimenechi ngati mwala pachifuwa." Anandiyang'ana thupi lonse. "Wabereka?"

"Ndinataya."

"Ndiye nyamula mphikawo, tiye."

Tinawoloka awiriwiri. Anapeza malowo mosasakasaka, ngakhale maenje a anthu a zipewa anali atakwiririka n'kumera udzu. Ndinakumba kadzenje kosazama, n'kuuvundikira, chozondoka, chitsononkho ndinachiika pambali pake. Ndikukwirira ndinafunsa kuti zinachitika liti.

"Chaka chimene madzi anakokolola mlatho. Iwe unabadwa patapita madzinja atatu."

Makina anati pakati pa ziwiri ndi zisanu, a Nalikole anati atatu. Ndinaseka ndikulira.

"Anali mwana wanji?"

"Wamkazi. Mkulu wako."

Nditaweramuka ndinawaona amayi anga pamadzi, mbali yomwe ino ya mtsinje, pafupi moti ndikanatha kuwakhudza. Anamwaza madzi m'manja, anapukutira pachitenje, n'kucheuka. Nkhope yawo inali yomwe ija.

"Wakula," anatero.

"Ndakula, Amayi. Ndamufunditsa."